KAFULU KAKAKANA KUDYA

Phunziro lathu la zacilengedwe lero likunena za kanyama kamene ambiri a inu munakagwirapo m'manja, ndiko kamwana ka fulu, amene ena amamucha kamba.

Mvula ikayamba m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, nthaka nifeŵa, afulu amatuluka m'malo mmene anabisala cilimwe conse. Iyi ndiyo nthaŵi imene mwana wopalira cimanga, kapena mbusa wa ng'ombe m'munsi mwa mapiri a Mphangwe, amapeza kafulu kakang'ono ngati bokosi la macisi kali kuyenda kokha. Amakatola napita nako kunyumba kapena kusukulu. Kumeneko amakapatsa nyenyeswa za nsima, koma iko kamangobweza mutu m'cigoba, nikakhala duu. M'maŵa mwake cimodzimodzi. Pakapita masabata aŵiri kapena atatu kamapezeka katafa, ndipo palibe amene adziŵa cimene cakapha.

Imfa yotere ingathe kupeŵedwa. Nthaŵi zambiri kafulu kokana kudya sikakhala kodwala ai. Mwina kadakali kokhuta ndi cakudya cimene kanabadwa naco, mwina kali ndi mantha, mwina kazizidwa, mwina kali ndi ludzu, kapena cakudya cimene mwakapatsa si ca mtundu wake. Mukakonza zinthu zisanu zimenezi, njala imabwera yokha. Tiyeni tizione cimodzicimodzi.

KAFULU SI KAMASIYE

Poyamba dziŵani kuti kafulu koyenda kokha sikanasocere, ndiponso si kamasiye. Nkhuku imafungatira mazira ake, ndipo anapiye akaswa imawatsogolera kukapalasa. Fulu sacita zimenezo. Wamkazi amakumba dzenje ndi miyendo yakumbuyo, naikiramo mazira, nakwirira, natsendera dothi ndi cifuwa cake, kenaka amacoka osabwererakonso. Mazirawo amafunda ndi kutentha kwa nthaka, ndipo amakhala pansi miyezi yambiri. A fulu wamkulu wamaŵangamaŵanga amakhala miyezi 8, nthaŵi zina kupitirira caka cathunthu. Tiana tikaswa timadikira mvula kuti ifeŵetse dothi, ndipo timadziboolera tokha njira yotulukira. Kuyambira tsiku limenelo kafulu kalikonse kamadzifunira kokha cakudya, madzi ndi pobisala.

Cotero mukakapeza pamalo abwino, kasiyeni pomwepo. Mukakapeza pakati pa mseu, kaolotseni mukaike kumbali kumene kanali kupita. Mukakapeza m'munda mmene muli kulima ndi ng'ombe, kaikeni m'thengo la pafupi. Komabe alipo ena amene safunika kusiyidwa: kafulu kopsa ndi moto wa m'thengo, kolumidwa ndi galu, kapena kamene mwakalanda kwa ana amene anali kukaseŵeretsa. Kotere kafunika kusungidwa masiku oŵerengeka kufikira katapeza mphamvu, ndipo malangizo a lero ndi a kafulu kotere.

YAMBANI MWADZIŴA MTUNDU WAKE

Afulu onse sadya zofanana. Kuno ku Cigawo ca Kum'maŵa mudzakumana ndi mitundu ikuluikulu itatu.

Woyamba ndi fulu wamaŵangamaŵanga. Cigoba cake ncotumphuka ngati mphika wovundikira, cacikasu, cokhala ndi madontho akuda ngati cikopa ca kambuku. Akakula amafika masentimita 40, nalemera makilogalamu 10 kapena kuposa, koma kamwana kake kamaswa kali ndi masentimita 4 kapena 5 okha. Ameneyu ndi wodya msipu ngati mbuzi. Katswiri wa nyama Vivian Wilson, amene anagwira nchito m'cigawo cathu cino, analemba za moyo wa fulu ameneyu m'caka ca 1968. Pamene anatsegula malo osungirako nyama zamasiye pafupi ndi Bulawayo mu 1973, anawacha Chipangali, dzina limene analitenga kuno kwathu.

Waciŵiri ndi fulu wotseka kumbuyo. Ameneyu ndi wamng'ono, amalekezera pa masentimita 20. Cigoba cake ncophwatalala pang'ono, ca mtundu wa masamba ouma. Cakumbuyo kwa cigoba ca pamsana kuli malo opindika ngati pomangira citseko, ndipo akaopsedwa amatsitsa mbali imeneyo natsekera miyendo ndi mcira mkati. M'mabuku a sayansi amamucha Kinixys spekii, dzina limene anapatsidwa mu 1863 pokumbukira mlendo wa ku England, John Hanning Speke. Kamwana kake sikakhala ndi popindika paja, pamadza kakamakula. Mudzakazindikira cifukwa ncophwatalala ndipo kalibe madontho a kambuku. Fulu ameneyu amadya zomera ndi tizilombo tomwe. Ku America kuli wina wofanana naye pa kadyedwe, amene amamucha fulu wa bokosi popeza amadzitsekera yense ndi cigoba ca kumimba. Ana a ameneyonso amavutitsa anthu a kumeneko pokana kudya, ndipo zifukwa zake ndi zomwezi.

Wacitatu ndi nkhasi, wokhala m'madambo, m'madamu, m'zitsime za kudimba ndi m'mitsinje monga Kapoche. Mapazi ake ngophwatalala, a zikhadabo zakuthwa. Pobisa mutu amapinda khosi cam'mbali, ndipo mukamgwira amatulutsa fungo loipa. Nkhasi amadyera m'madzi. Mukaika kamwana kake m'bokosi louma sikadzadya konse. Kabwezereni kumadzi kumene kanacokera tsiku lomwelo.

CIFUKWA COYAMBA: KAMBA WA PAULENDO

Munthu akamapita ulendo wautali amanyamula kamba, ndiye cakudya ca m'njira. Kafulu nakonso kamatuluka m'dzira kali ndi kamba wake. Kakwezeni pang'ono pamwamba pa maso anu, osakagadamiza, muyang'ane pakati pa cigoba ca kumimba. Mukaona kabala kofeŵa kapena kacotupa kacikasu ngati mcombo, dziŵani kuti kangoswa kumene. Cimeneco ndi cotsala ca cacikasu ca m'dzira, ndipo cimaloŵa m'mimba pang'onopang'ono nicikadyetsa. Mudziŵa kuti mwanapiye woswa lero sathamangira gaga tsiku lomwelo. Kafulu kamakhala nthaŵi yoposa pamenepo, mwina sabata lathunthu kapena kupitirira, kasanalakelake cakudya. Pamphuno pake mudzaonanso kanyanga kakang'ono kamene kanaboolera dzira. Kameneko kamatha kokha.

Musakoke kapena kupukuta cotupa cija. Ikani kafuluko pa nsalu yoyera yonyowa pang'ono, pamalo ofunda pamene nyerere ndi nchenche sizingafike, ndipo dikirani kuti bala litseke.

CIFUKWA CACIŴIRI: MANTHA

Fulu wamkulu ali ndi adani ocepa, koma kamwana kali ndi adani ambiri, pakuti cigoba cake sicinalimbe. Nang'omba, khwangwala, mng'azi, msulu, makoswe, agalu ndi nkhumba zoyendayenda m'mudzi, zonsezi zimakadya. Ngakhale linthumbu lingathe kukapha usiku umodzi. Ncifukwa cake kafulu ka kuthengo kamatha pafupifupi tsiku lonse kali pansi pa masamba ndi udzu. Dzanja lanu likamatsika kucokera kumwamba, iko sikadziŵa kuti mukafunira zabwino. Kamayesa ndi mlomo wa nang'omba. Nanga ana 60 akakazungulira, aliyense nafuna kukagwira, kadzadya bwanji? Kodi inu mungadye nsima mkango uli kukuyang'anani pakhomo?

Mankhwala a mantha ndi pobisala. Kamangireni kakhola ka njerwa pa dothi, mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, kotalika njerwa ziŵiri. Sankhani malo amene dzuŵa la m'maŵa limafika mbali imodzi, mbali inayo nikhala pa mthunzi tsiku lonse. Thiranimo masamba ouma ambiri, ndipo ku mthunziko vundikirani phale la mphika wosweka kuti likhale kanyumba. Pamwamba phimbani ndi waya wa nkhuku, mutsendereko miyala. Usiku kaloŵetseni m'nyumba, m'bokosi lokhala ndi dothi ndi masamba, lotsekeka bwino koma la tizibowo toloŵera mpweya. Musakasunge m'beseni, m'citini kapena m'botolo, pakuti pansi poterera pamalemaza miyendo, ndipo kamasoŵa pothaŵira.

Masiku atatu oyamba pasakhale wokagwira kupatula munthu mmodzi wokasamalira. Mukaika cakudya cokanipo, mukakhale patali, osasuntha ndi osalankhula. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Pakamwa pa kafulu paonekanso motero.

CIFUKWA CACITATU: KUZIZIDWA

Thupi lanu limadzipangira lokha kutentha kucokera ku cakudya cimene mwadya, ndipo limakhala pa madigiri 37 usana ndi usiku. Fulu, buluzi, njoka ndi ng'ona sizitero. Izo zimabwereka kutentha kwa dzuŵa ndi kwa nthaka. Ncifukwa cake mumaona buluzi ali pamwala m'maŵa kuothera dzuŵa asanayambe kusaka. Mimba ya fulu imagaya cakudya pokhapo thupi litafunda. Likazizira, cakudya cimangokhala m'matumbo nicivunda, ndipo fuluyo amacita bwino kukana kudya.

Tsono musapereke cakudya mbandakuca. Dikirani kufikira 8 kapena 9 koloko, kafulu kaothere dzuŵa theka la ola, ndipo mukaona kayamba kuyendayenda ndi kutambasula khosi, pamenepo ikani cakudya. Ngati sukulu yanu ili ndi cipangizo coyezera kutentha, yezani pa dothi la m'khola. Mbali ya dzuŵa ikhale pafupi ndi madigiri 30, ndipo mbali ya mthunzi ikhale pakati pa 22 ndi 26.

Kumbukiraninso nyengo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi usiku wa kuno kwathu umazizira kufikira madigiri 10 kapena 12. Nthaŵi imeneyo afulu a kuthengo amaloŵa m'maenje, m'ziulu zakale ndi m'ming'alu ya miyala, ndipo amadya pang'ono kapena osadya konse kufikira mvula itabwera. Pamene anthu asonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kumapeto kwa Ogasiti, afulu ambiri amakhala akali cibisalire. Ngati mwasunga kafulu kovulala pa nyengo yozizira, ikani botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu ku mbali imodzi ya bokosi usiku, mbali inayo muisiye kuti kathe kucokako kakafunda.

Koma cenjerani, pakuti dzuŵa limene limakapatsa moyo lingathenso kukapha. Kanthu kakang'ono kamatentha msanga. Kafulu kosiyidwa padzuŵa la Okutobala m'citini kapena m'beseni kamafa m'mphindi zocepa. Mukaona kali kuthamangathamanga, kukamwa kuli yasa ndi thovu, kapititseni pa mthunzi msanga, mukawaze madzi. Lamulo ndi ili: nthaŵi zonse kafulu kakhale ndi ufulu wosankha kokha pakati pa dzuŵa ndi mthunzi.

CIFUKWA CACINAI: LUDZU

Pali mwambi wakuti kamba anyera amene wamtola. Akulu ali ndi tanthauzo lao la mwambiwu, koma mau akewo ngoona ndithu, ndipo ambiri a inu ananyowapo manja. Kodi mudziŵa cifukwa cake? Fulu amasunga madzi m'cikhodzodzo cake monga mmene mai amasungira madzi mu mtsuko, ndipo pa nthaŵi ya cilala thupi limatunganso madzi omwewo. Akagwidwa mwadzidzidzi amawataya onse kuti mdani anyansidwe namsiye. Cotero kafulu kamene kafika m'manja mwanu kafika mtsuko wake uli gwa, wopanda kanthu, ndipo nyama ya ludzu sidya. Tiana tambiri timafa ndi ludzu, eni ake nayesa kuti tafa ndi njala.

Citani motere m'maŵa uliwonse. Tengani mbale yosaya, muthiremo madzi oyera ofunda pang'ono, ngati osambitsira khanda. Yesani ndi cigongono canu. Madziwo alekeze m'cibwano mwa kafulu, asafike m'mphuno, pakuti fulu wa pamtunda angathe kumira. Kakhalemo mphindi 10 kapena 15, inu muli pomwepo. Mudzaona kakuviika mutu nikamwa, khosi likugunda pang'onopang'ono. Nthaŵi zambiri kamacita cimbudzi m'madzi momwemo, ndipo mimba ikapepuka njala imayamba. Mukaona zoyera ngati phala la ufa zikutuluka pamodzi ndi mkodzo, musaope, ndiwo mkodzo wa nyama za mtundu umenewu. Koma zikakhala zouma ngati mcenga, madzi akali ocepa m'thupi.

M'khola ikani kambale kosaya ka madzi, kokwiriridwa kufikira m'milomo, muikemo timiyala kuti kafulu kakaloŵamo kathe kutuluka. Dothi la pansi pa phale lija likhale la cinyezi, koma losasanduka matope.

CIFUKWA CACISANU: CAKUDYA COSAYENERA

Nsima, buledi, mpunga, mkaka, ndiwo zophika za mcere ndi mafuta, zonsezi si cakudya ca fulu. Mimba yake sinapangidwire zimenezo. Mpatseni zimene akanadzipezera yekha kuthengo.

Kafulu kamaŵangamaŵanga kapatseni nsonga zanthete za kapinga ndi udzu wina wongophuka kumene, khovani, cisoso, kholowa, masamba anthete a maungu ndi maluŵa ake acikasu, ndiponso bonongwe pang'ono. Sakanizani mitundu itatu kapena inai tsiku lililonse. Zipatso zotsekemera monga mango ndi papaya zimakatsegula m'mimba zikacuruka, cotero zikhale zongonyengerera poyamba. Nyama musakapatse.

Kafulu kotseka kumbuyo kali ndi mkamwa mwina. M'zaka za m'ma 1990, katswiri Adrian Hailey ndi anzake anafufuza kadyedwe ka fulu ameneyu ku Sengwa m'dziko la Zimbabwe. Anapeza kuti pamodzi ndi zomera amadya bowa wambiri, ndipo mwa tizilombo amakonda kwambiri bongololo. Ana a m'makalabu a Chongololo, amene anayamba m'dziko muno mu 1972 natenga dzina la kanyama komweko, asaiŵale mfundo imeneyi. Tsono kafulu kotere kapatseni tizidutswa ta bowa umene anthu amadya, nyongolotsi zazing'ono, ciswe, inswa zothothola mapiko, tinkhono tophwanya, tiabongololo tating'ono, masuku akupsa ndi masamba anthete. Kanthu koyenda ndiko kamadzutsa njala yake msanga. Nyongolotsi yovinyavinya patsogolo pa mphuno yacititsa tiafulu tambiri kutsegula kukamwa koyamba.

Pa mitundu yonse iŵiri tsatirani njira izi. Dulani cakudya tizidutswa tocepa kuposa mutu wake, pakuti fulu alibe mano. Amangodula ndi mlomo wolimba ngati wa mbalame nameza. Ikani cakudya pa mwala wophwatalala pafupi ndi khomo la kanyumba kake, kuti kadye popanda kupita poyera. Maso a fulu amaona mitundu bwino, ndipo amakopeka ndi zofiira ndi zacikasu; duŵa la dzungu kapena kadontho ka papaya wakupsa pamwamba pa masamba kamathandiza. Musanaike cakudya, wazani madzi m'khola ndi dzanja ngati mvula yowaza, pakuti kuthengo fulu amatuluka kukadya mvula ikangokata. Perekani cakudya nthaŵi imodzimodzi ndi malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, ndipo madzulo cotsani zotsala zisanaitane nyerere.

Cenjezo lalikulu ndi ili. Musathyole masamba kapena kutola tizilombo m'munda wa thonje, wa fodya, kapena m'dimba ndi m'cimanga mmene mwapoperedwa mankhwala. Mankhwala ocepa amene sangagwetse mbuzi angathe kupha kanyama ka magalamu 30. Musakapatsenso masamba a fodya, a matimati, a mbatata ya kacewere, kapena cigwada cosaphika.

DZUŴA NDI CIGOBA

Cigoba ca fulu si nyumba imene angatulukemo monga zimanenera nthano za Kalulu ndi Fulu. Ndi mafupa amoyo oposa 50, nthiti ndi msana zolumikizana, ndipo muli magazi ndi mitsempha. Munthu woboola cigoba kuti amangepo cingwe amampweteka fulu monga mmene angapwetekere inu ataboola fupa lanu. Musacite zimenezo, ndipo musapake utoto pa cigoba.

Kuti mafupa amenewa akule pafunika kashiamu, ndipo thupi silingathe kumgwiritsa nchito popanda vitamini D, amene khungu limapanga likaombedwa ndi dzuŵa. Dzuŵa lodzera pa galasi la zenera silithandiza, pakuti galasi limachinga mphamvu imene ifunikayo. Kafulu kosungidwa m'kalasi masiku onse kamafeŵa cigoba, nikalephera kuluma, nikafa. Kuthengo fulu wamaŵangamaŵanga amatafuna mafupa akale ndi ndowe zoyera za fisi kuti apeze kashiamu. Inu ŵiritsani makoko a mazira a nkhuku, muwaumitse, muwasinje akhale ufa, ndipo muwaze pang'ono pa cakudya kaŵiri pa sabata.

PAMENE KAFULU KADWALADI

Musakanule kukamwa ndi kamtengo kapena kuthiramo phala. Mungathe kuthyola cibwano, ndipo cakudya cingaloŵe m'mapapo. Fulu sangathe kutsokomola monga inu, cotero cimene caloŵa m'mapapo sicituluka.

Zizindikiro za matenda ndi izi: thovu kapena mamina m'mphuno, kupuma kukamwa kuli kotsegula, maso otupa kapena osatseguka, miyendo yolobodoka yosabwerera m'cigoba mukaikhudza, ndi bala la mphutsi kapena lonunkha. Mukaona cimodzi mwa zimenezi, kapena pakapita masiku 14 kafulu kasanadye ngakhale mwakonza zonse tachula zija, aphunzitsi apite nako kwa dokotala wa ziŵeto wa m'boma lanu.

Makolo amene amaŵeta ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba amve ici. Mankhwala a njoka za m'mimba ndi nkhupakupa ochedwa ivermectin, amene amathandiza ziŵeto, ndi poizoni kwa fulu: amaumitsa miyendo yake namupha ngakhale atakhala ocepa. Musambaye nao, ndipo musamuviike m'dibi la ng'ombe. Nkhupakupa ikamluma, icotseni ndi dzanja mosamala, mutsuke pamalopo ndi madzi oŵiritsa.

SAMBANI M'MANJA

Afulu ambiri, ngakhale ooneka athanzi, amakhala ndi tizilombo ta salmonella m'matumbo mwao. Kwa iwo sitivuta, koma kwa munthu timayambitsa kutsegula m'mimba ndi kutentha thupi, ndipo kwa makanda matendawa ngoopsa. M'dziko la United States ana ambiri anadwala cifukwa coseŵera ndi tiafulu togula m'masitolo, kotero kuti mu 1975 boma linaletsa kugulitsa tiafulu tosafika mainchesi 4, ndiwo masentimita 10. Inu mukagwira kafulu, mbale yake kapena dothi la m'khola, sambani m'manja ndi sopo kapena phulusa musanagwire cakudya. Musakaike pafupi ndi kamwa, musapatse mng'ono wanu wosafika zaka 5, ndipo mbale yake isasakanizidwe ndi mbale za kukhichini. Madzi osambitsira katayeni kutali ndi citsime.

LAMULO, NDI KUBWEZA KWAO

Fulu si nkhuku kapena kalulu woŵeta. Lamulo la nyama zakuthengo la Zambia la caka ca 2015 linena kuti nyama zonse zakuthengo zili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse a m'dziko, ndipo munthu saloledwa kusunga kapena kugulitsa nyama yotere popanda cilolezo. Oyang'anira lamuloli ndi a Department of National Parks and Wildlife, amene anatenga nchitoyi mu 2016. Palinso pangano la maiko lochedwa CITES, limene linayamba kugwira nchito mu 1975, ndipo Zambia alimo. Pansi pa panganoli fulu wa pamtunda aliyense satuluka m'dziko popanda zikalata. Inu a ku Vubwi, amene muli m'malire ndi Malaŵi ndi Mozambique, mlendo akakupemphani kuti mumtolere tiafulu akupatseni ndalama, kanani, ndipo mukauze aphunzitsi kapena a mfumu. Sukulu imene yasunga kafulu kovulala idziŵitse ofesi ya nyama zakuthengo imene ili pafupi.

Fulu amakula mocedwa. Wamaŵangamaŵanga amatha zaka 12 kapena 15 asanayambe kuikira mazira, ndipo mwa tiana tambiri toswa, tocepa tokha ndito timafika msinkhu umenewo. Kamodzi kalikonse kamene kafera m'citini kacepetsa afulu a m'thengo lanu. Ndiye cifukwa cake nchito yanu sithera pa kudyetsa. Kafulu kakacira, nikadya bwino masiku angapo otsatizana, kabwezereni pamalo pamene kanatoledwa, kapena m'thengo la pafupi napo. Sankhani m'maŵa wa tsiku la mvula, mukamwetse madzi coyamba, ndipo mukaike pansi pa citsamba cowirira, kutali ndi njira ya anthu ndi nkhumba. Musakatengere ku dera lina, ndipo kodwala musakabweze dokotala asanavomere, kuti kangapatsire anzake matenda.

MAU KWA APHUNZITSI

Aphunzitsi, phunziro ili lingathe kuphunzitsidwa popanda kutuma ana kukasaka afulu, ndipo tikupemphani kuti musawatume. Ngati kafulu kovulala kafika kale pa sukulu, sankhani ana aŵiri okha okasamalira sabata lililonse, ndipo mukonzeretu amene adzakasunga Loŵeruka, Sondo ndi pa holide. Ana ena ayang'ane ali patali, nalembe m'kabuku ka kalasi tsiku, nyengo, nthaŵi imene kafulu kanatuluka m'phale, ndi cimene kanadya. Kamodzi pa sabata kayezeni kulemera. Ngati mulibe sikelo, pangani yanu ndi kamtengo, cingwe ndi tizitini tiŵiri tofanana, ndipo ana aŵerenge zitsekero za mabotolo zimene zilingana nako. Zitsekero zikamacepa sabata ndi sabata, funani thandizo msanga. Potero ana aphunzira masamu, kulemba ndi cifundo pa nthaŵi imodzi. Auzeninso afunse agogo ao maina a afulu, miyambi ndi nthano zao, abwere nazo m'kalasi.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji tinena kuti kafulu koyenda kokha si kamasiye?
2. Chulani mitundu itatu ya afulu a kwathu kuno, ndi cakudya ca mtundu uliwonse.
3. Kodi "kamba wa paulendo" wa kafulu ndi ciani, ndipo amapezeka pati?
4. Fotokozani cifukwa cake fulu sadya thupi lake likazizira.
5. Fulu amataya ciani akatoledwa, ndipo mungambwezere bwanji?
6. Chulani zinthu zitatu zimene simuyenera kucita kwa kafulu kokana kudya.
7. Jambulani kakhola ka kafulu, muonetse mbali ya dzuŵa, mbali ya mthunzi, phale ndi kambale ka madzi.

Mukayankha mafunsowa, kafotokozereni makolo ndi abale anu kunyumba zimene mwaphunzira, makamaka abusa a ng'ombe, pakuti ndiwo amakumana ndi afulu kaŵirikaŵiri. Tsalani bwino ana inu, tsalani bwino aphunzitsi, mpaka tidzakumanenso pa phunziro lotsatira.